Kafani Kobwera m'Bokosi

Tsiku limene ndinayamba kuwaona a Trywell Sakala, anali atamukhalira kondakitala wa basi pachifuwa, pa siteji ya pa boma la Chadiza. Ine ndinali pakhonde la shopu pamene ndimasokera, nsalu ili pamakina. Kondakitalayo anali atasanjika matumba a nsawa pamwamba pa katoni yawo, ndipo ngodya imodzi ya katoniyo inali itabonyoka. A Trywell sanakuwe. Anasisita ngodyayo ndi chala, kenako anamugwira munthuyo pakhosi n'kumugwetsa chagada. Anamumenya mpaka dzino linagwera m'fumbi. Amuna atawalanditsa, ananyamula katoni ija mmene mai amanyamulira khanda logona, n'kulunjika pakhonde langa, chifukwa chipinda cha kumbuyo kwangacho ndi chimene anabwera kudzachita lendi.

"Zikomo amai, ndidutse nawo," anatero mwaulemu, magazi akudontha m'zibakera.

Ndinasuntha mpando osawayang'ana kumaso. Inali nyengo yozizira, mwezi wa Juni.

Mbiri yawo ndinkaimva pang'onopang'ono kwa anthu obwera kudzasoketsa. Anabadwira ku Zingalume, ndipo analeredwa ndi amalume awo makolo atamwalira. Ali wamng'ono ntchito yawo inali yophunzitsa ng'ombe kukoka ngolo. Akuti ng'ombe ikagona pansi kukana goli, ankailuma mchira mpaka idzuke. Atakula ananyamulako mabelo a thonje, kenako anapita ku Lusaka kukakhala mlonda pa nyumba ina yojambulira makanema. Kumeneko ankasuzumira pawindo kuona mmene anzawo amadulira ndi kulumikizira zithunzi, mpaka anaphunzira. Zipangizo za kompyuta yawo anazigula chimodzichimodzi, n'kuimanga okha. Sanali munthu wa nkhani zambiri, ndipo sankamwa. Manja omwewo amene ankathyola anthu mano ankapukuta diso la kamera ndi kansalu kofewa kamene anandipempha kuti ndiwadulire.

Kompyutayo inali chibokosi chakuda chofika m'bondo, mbali imodzi ya galasi, mkati mukuwala magetsi amitundumitundu. Anthu ankaima pawindo kuionerera. Pakati pake panali kafani kakang'ono, kokwana m'chikhatho, katakhala pamwamba pa kachitsulo kamene a Trywell ankati purosesa, ubongo wa makina onsewo. Purosesa imatentha ikamagwira ntchito, ndipo kafaniko ndi kamene kamaiziziritsa. Zonse ziwiri zinabwera m'kabokosi kamodzi kuchokera kofakitale.

Munthu yekhayo amene sanachite nayo chidwi anali Innocent, wokonza mafoni pamsika, mwana wa amalume awo aja. Innocent ndimamudziwa kuyambira ali kamwana, ndipo pakamwa pake sipanatsekekepo. Kwathu kuno msuweni amakunena chilichonse, amatha kukulanda chipewa kapena kukutcha mfiti pagulu, ndipo iwe suyenera kukwiya. Umangobwezera. Tsiku loyamba lomwelo Innocent anagwada, n'kusuzumira pagalasi paja, n'kuyamba kuseka.

"Msuweni, wagula nkhunzi yonseyi n'kuimangirira ndi ulusi wa amai a Faith? Kafani aka n'ka kompyuta yolembera makalata ndi kuimbira nyimbo. Pa ntchito yakoyi sikakwana."

"Choka apa iwe, wokonza matochi," anayankha a Trywell. "Amene anapanga purosesayi ndi opusa? Akanaikamo chosakwana? Ng'ombe imabadwa ndi mchira wake woingitsira ntchentche."

"Dikira Okutobala, uone ntchentche zake. Ndili nacho choziziritsira chachikulu kunyumba, cha mapaipi a kopa. Ndikupatsa ulere, iwe ungondipatsa mlongo wako uja wa ku Mlolo."

A Trywell anamuponyera nsapato, onse awiri n'kuseka. Ine ndinapitiriza kusoka, koma ndinaona kuti potuluka, Innocent anacheukanso kuyang'ana denga la malata la chipindacho, lopanda siling'i, ndipo nkhope yake sinali ya munthu wochita nthabwala.

Ntchito yoyamba yaikulu imene a Trywell anajambula inali ukwati wa Natasha, mlongo wake wa Innocent, ku tchalitchi cha ku Zemba. Amuna anga, a Simeoni, ndi amene ankaimba ng'oma mu kwaya ya kumeneko. Tsiku limenelo anaimba kuyambira m'tchalitchi mpaka pabwalo la madyerero, shati yoyera imene ndinawasokera itanyowa ndi thukuta.

Mwezi wotsatira, galimoto yonyamula thonje inawagunda a Simeoni ali pa njinga pa msewu wa ku Mlolo. Inawakoka mtunda ndithu isanaime. Amene anawasambitsa sanandilole kuona nkhope. Bokosi linatsekedwa ine ndisanafike.

Tinalibe chithunzi chawo chabwino, kupatula cha pa chiphaso cha boma, chimene akuoneka ngati munthu wogwidwa ndi mbuzi yakuba. Nditabwerera pakhonde maliro atatha, ndinakhala masiku ambiri ndikufuna kufunsa za kanema wa ukwati uja. A Trywell ndi amene anayamba.

"Amai a Faith, talowani."

Anadina kabatani, ndipo a Simeoni anaonekera pagalasi, ng'oma ili pakati pa miyendo, khosi litapendekeka mmene ankachitira nyimbo ikawakoma. Ndinamva mawu awo akutsogolera. Sindinathe kukhala. Ndinathawira kuseri kwa shopu n'kudziluma chitenje.

Nditabwerako anandiuza mmene zinthu zinalili. Zonse za ukwati uja zinali m'kompyutamo mokha, chifukwa kakhadi ka mu kamera anali atakafufuta kuti ajambulire ntchito zina. Zinali zidutswazidutswa, zazikulu kwambiri moti foni siingazinyamule. Pankafunika kuzilumikiza, kenako kompyuta izisandutse kanema mmodzi. Ntchito yomalizayi iwo ankaitcha kuphika.

"Ntchitoyi ikapsa, woyamba kulandira ndinu, ngakhale mkwatibwi adikire," anatero. "Chosapsa sindipatsa munthu."

Analumikiza mosamala kwa milungu ingapo, uku akujambula maliro ndi maukwati ena. Pamene ankamaliza, Okutobala anali atafika. Malata ankalira okha ndi kutentha, ndipo mphepo inkalowetsa fumbi lofiira la pamsewu paliponse, m'makina anga momwe.

Kuphika kukayamba, pagalasi pankabwera kamzere kobiriwira kamene kankayenda pang'onopang'ono kupita kumanja. Ine pakhonde ndinkamvera ndi makutu. Kafani kaja kankayamba ndi kung'ung'udza, kenako kulira mokweza, kenako kukuwa ngati kamwana ka mbuzi kokodwa pampanda. Fungo linkatuluka pakhomo, lofanana ndi la simbi yoiwalidwa pa nsalu. Kenako zii. Galasi lada, kamzere kasanafike ndi pakati pomwe.

Ulendo woyamba anati ndi malaiti, koma babu la padenga linali likuyaka. Ulendo wachiwiri anamenya tebulo mpaka mwendo unathyoka. Tsiku lina anaponya mpando pakhoma, zidutswa za njerwa n'kugwera pa diresi limene ndinkapinda. Munthu wina wodutsa anangoti, "Yakana kodi, bwana?" A Trywell anamuthamangitsa mpaka kuseri kwa chigayo, ndipo munthuyo anabwerako mlomo utang'ambika. Ana anasiya kuima pawindo. Kompyuta yokhayo ndi imene sanaimenye. Ankakweza chibakera pamwamba pake, n'kukachitsitsira pakhoma.

Innocent ankabwera masana alionse, ndipo ulendo uliwonse ankanena zomwezo, koma mwa chisuweni.

"Nkhunzi yakomokanso? Ndinakuuza kuti kamchira ako n'ka mbewa. Ikatentha imadzizimitsa yokha kuti isapse, ili ndi nzeru kuposa mwini wake."

"Ukamaliza kulalata utseke chitseko."

"Kukanakhala kozizira, ntchito n'kukhala yopepuka, kakanakwana. Koma iwe ukuiphikitsa tsiku lonse mu uvuni muno. Ndibweretse chija?"

"Ubweretse amako."

Ndikuganiza kuti akanawauza munthu wina, a Trywell akanamva. Ngakhale Innocent yemweyo akanawakokera pambali n'kuwauza motsitsa mawu, mwina zikanatheka. Koma Innocent sankadziwa kulankhula ndi msuweni wake mwa njira ina, ndipo ankakonda kunena pali anthu oseka. Kuvomera kafaniko kuti n'kochepa kukanakhala kugonja pa chipongwe cha msuweni, pamaso pa msika wonse. Ine ndinkaona zimenezi, koma sindine munthu wolowerera nkhani za amuna.

Uku achibale a ku Zingalume nawonso anayamba kutopa. Natasha anali atapita kale ku Kitwe ndi mwamuna wake, ndipo ankaimba foni kufunsa kanema wake. Mkulu wake wa Innocent, a Petulo, anabwera kamodzi pa njinga n'kunena pakhomo kuti mwana amene bambo awo analera wayamba kuwaona achibale ngati anthu wamba.

Tsiku limene zinthu zinaipa linali la msika waukulu. A Trywell anali ataona azimai a masamba akufunditsa repu ndi masaka onyowa kuti asafote. Anapempha saka limodzi, analinyika m'ndowa, analifinya bwinobwino, n'kuifunditsa kompyuta. Sakalo linatseka mabowo onse otulukira mpweya, ndipo ulendo uno inazima kamzere katangoyamba kumene.

Innocent anafika nthawi yomweyo, atanyamula jumbo. Ataona sakalo anagwira chitseko ndi kuseka.

"Anthuni, bwerani mudzagule repu. Msuweni, mulu ukugulitsa bwanji? Uthireko tomato."

Anthu anadzaza pawindo ndi pakhonde, ena kutsamira makina anga. Innocent anatulutsa m'jumbomo chinthu chachikulu ngati njerwa, cha timalata tambirimbiri tosanjikizana, mapaipi a kopa, ndi fani yaikulu pambali. Anachiika patebulo, n'kusolola sikuludiraiva m'thumba.

"Suntha, mlonda. Lero ndikuchitira chifundo."

Anachotsa saka lija n'kuyamba kumasula galasi la kompyuta.

A Trywell anamugwira dzanja lamanja. Innocent anali akusekabe, poganiza kuti ndi masewera awo a masiku onse. A Trywell anamukokera pakhomo, anaika mkonowo pa felemu, n'kukankha chitseko ndi thupi lonse. Ndinamva kulira kwa fupa, ngati nzimbe ikuthyoledwa pabondo. Anakankhanso kachiwiri. Innocent anagwa pakhonde pafupi ndi mapazi anga, mkono utapindika pamalo pamene palibe mfundo, ndipo a Trywell anamuponda m'nthiti mpaka amuna anayi anawagwira.

Palibe anaseka. Mai wina wachikulire wogulitsa mchere anati, "Msuweni samenyedwa, mwana iwe. Wachita chiyani?"

Innocent anamutengera kuchipatala pa ngolo. A Trywell analowa m'chipinda n'kutseka.

M'mawa mwake ndinafika mochedwa. Pawindo ndinawaona a Trywell atakhala pansi, kompyuta ili yotsegula. Dzanja lina linali ndi kafani kawo, atakamasula, lina ndi chachikulu cha Innocent, ngati munthu woyeza nkhuku ziwiri pamsika. Ataona kuti ndikuyang'ana, anabwezera chachikulucho m'jumbo.

Patapita kanthawi anatuluka, n'kuima pafupi ndi makina anga. Anatsegula chitini changa cha mabatani, n'kuponyamo kachitsulo kopyapyala, kotalika ngati chala, kamene kamasunga zonse za m'kompyuta.

"Amuna anu ali m'menemo," anatero. "A ku Zingalume akubwera. Chitinichi musachisiye."

"Bwanji osathawa, a Sakala?"

"Ndithawe ndasiya ichi?" Analoza chipindacho ndi mutu.

A ku Zingalume anafika dzuwa lili pamutu, a Petulo ali patsogolo, amuna ambiri pa njinga, mipini ya makasu itamangidwa pamakaliyala. Sanapereke moni. A Trywell anaima pakhomo atagwira benchi.

"Bambo anga anakulera ngati mwana wawo," anatero a Petulo. "Mwana wawo weniweni wamupundula chifukwa cha wailesi?"

"Mundimenye ine. M'nyumbamu musalowe."

Mpini woyamba unawapeza paphewa. Iwo anazunguza benchi, ndipo linawapeza a Petulo pachibwano. A Petulo anagwa ngati thumba, magazi ndi mano zikutuluka pamodzi. Zitatero enawo anawaunjikira a Trywell. Ankamenya kumutu, kumsana, m'mawondo, ndipo a Trywell ankagwa n'kudzukanso, akugwira aliyense wofuna kudutsa pakhomo. Wina a Trywell anamuluma khutu. Makina anga anagubuduzika kugwera pansi pa khonde, ine n'kudzipanikiza pakona, chitini chili pachifuwa mkati mwa chitenje. A Trywell atalephera kudzuka, amunawo anawaponda n'kulowa. Ndinamva galasi likusweka, kenako mipini ikugunda chitsulo kwa nthawi yaitali. A Trywell anali chigonere pakhomo, diso limodzi litatsekeka, akumvetsera. Pa zonse zimene anawachita tsiku limenelo, misozi inatuluka pamenepo.

Apolisi anatenga onse. A ku Zingalume anatuluka patapita nthawi, koma a Trywell anawapeza olakwa pa mkono wa Innocent ndi chibwano cha a Petulo, ndipo anawamanga.

Chitini chija ndinkagona nacho kumutu. Ndinalibe kopita nacho. Munthu yekhayo amene akanadziwa chochita anali Innocent, ndipo ndinkachita manyazi kukamupempha kuti amalize ntchito ya munthu amene anamuthyola. Ndinadutsa pa benchi lake pamsika kangapo osaima. Tsiku lina iye ndi amene anandiitana.

"Amai a Faith, mwadutsa pano ngati mukufuna kundifunsira. Nenani."

Ndinatsegula chitinicho. Anayang'ana kachitsuloko nthawi yaitali, mkono uli mu pulasitala.

"Chitsiru chija chinachotsa ichi chokha?" anatero. Sanaseke.

Mwini nyumba anali atasesera zoswekazo pakona ya chipinda. Innocent anazisanthula ndi dzanja lamanzere. Chibokosi chinali chitaphwanyika, galasi loonerapo litatheratu, koma bolodi lamkati limene pamakhala purosesa linali litapulumuka, chifukwa chitsulo cha chibokosicho chinapindikira pamwamba pake. Jumbo lija linali pansi pa tebulo. Anabwereka zina zosowa kwa mnzake wa ku Chipata, n'kuyala zonse pa thabwa, popanda chibokosi. Zomanga ndinkamanga ndine, iye akundiuza. Anandipakitsa kamafuta kotuwa pa purosesa, kochepa ngati njere ya nsawa, kenako tinakhazikapo chachikulu chija.

Mvula inali isanagwe, ndipo chipindacho chinali chotentha monga kale. Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda. Ndinakhala pakhonde ndikudikira kukuwa kuja, koma fani yaikuluyo inkangopuma ngati munthu wogona. Ndinasoka siketi yonse, n'kuyamba ina. Dzuwa litapendeka Innocent anandiitana. Kamzere kanali katafika kumapeto.

Kanemayo ndili naye mufoni ya mwana wanga Faith, ndipo Natasha analandira wake. A Trywell anali atawapatsa a Simeoni malo aakulu kuposa amene woimba ng'oma amapatsidwa pa ukwati wa eni. Pali pena pamene kamera ikuwayandikira, iwo n'kuiona, n'kuiingitsa ndi dzanja ngati nkhuku, akuseka, dzanja linalo osaphonya ng'oma. Nkhope imeneyo ndi imene ndimakumbuka tsopano.

Mkono wa Innocent unapola mokhota. Tizitsulo ta m'mafoni amatigwira movutika, ndipo dzina la msuweni wake salitchula, ngakhale mwachipongwe.

A Trywell ndinawaonanso kamodzi, m'nyengo ya dzinja. Ndinkachokera ku Misa, ndipo akaidi anali akutchetcha udzu m'mbali mwa msewu. Ndinawazindikira ndi msana. Anali ataonda, diso lija litatsala laling'ono. Ndinafuna kudutsa mwakachetechete, koma iwo anaimika chikwakwa, n'kuyang'ana kwa msilikali wowalondera, amene anatembenukira kumbali.

"Amai a Faith. Inapsa?"

"Inapsa, a Sakala. Zikomo."

"Ndani anaphika?"

"Innocent."

Anayang'ana pansi, akukanda matope ndi nsonga ya chikwakwa.

"M'chipinda chomwe chija? Kutentha konse kuja?"

"Momwemo."

"Anaikapo chachikulu chija?"

"Eya. Sinazime."

Anagwedeza mutu pang'ono. Msilikali anakhosomola, ndipo iwo anawerama kuti ayambenso kutchetcha. Nditayenda pang'ono ndinamva akundiitana motsitsa mawu.

"Amai a Faith, musakamuuze kuti ndinafunsa."